Bondo, Zala ndi Magiya: Zolemba za Masabata Asanu ndi Awiri Pamsewu wa Miyala

Tsiku loyamba

Chayambitsa ntchito yonseyi ndi bondo langa lakumanja. Ndikapalasa njinga maola opitirira atatu pamsewu wa miyala, bondoli limayamba kuotcha, ndipo zala ziwiri za dzanja lamanja zimachita dzanzi mpaka usiku. Chishalo ndachikweza, ndachitsitsa, ndachikankhira kutsogolo, koma bondo silikumva. Chatsala ndi magiya. Kaya vuto ndi mmene ndimasinthira, kaya ndi magiya enieniwo, ndikufuna ndidzionere ndekha.

Ndadziikira lamulo limodzi: chosintha chikhale makina a magiya okha basi. Felemu yomweyi, magudumu omwewa, matayala a saizi 700 otambalala mamilimita 40 opopedwa mofanana m'mawa uliwonse, chishalo osachikhudzanso. Njiranso ikhale imodzi. Imayamba ndi chitunda chachitali cha miyala yogubuduka, kenako kutsetsereka pamalo pamene msewu unachita mizeremizere ngati lata, kenako chidikha chadothi louma pamene mphepo imakonda kuomba chakumaso, n'kumalizira kachigawo kakafupi ka phula.

Makina oyamba ndi amene ali panjingapa kale, Shimano GRX RX810 yokoka ndi waya, ya m'gulu limene linatuluka mu 2019. Kutsogolo kuli magiya awiri, ya mano 48 ndi ya mano 31. Kumbuyo kuli cassette, mulu wa magiya a pagudumu lakumbuyo, ya magiya 11, kuyambira mano 11 kukafika 34. Achiwiri akadali m'katoni pakona apo: SRAM XPLR AXS, yopanda waya, yoyendera batire, imene inabwera mu 2021. Kutsogolo giya imodzi yokha ya mano 40, kumbuyo magiya 12 kuyambira 10 kukafika 44. Achitatu ndi Campagnolo Ekar ya mu 2020, ya magiya 13, ngati mnzanga angalole kundibwereka njinga yake tsiku limodzi. Imeneyo ikhala yongolawa, chifukwa felemu ndi ina.

Usiku uno ndakhala ndi pepala ndi cholembera. Ukagawa mano a kutsogolo ndi mano a kumbuyo, umadziwa kuti gudumu lizungulira kangati miyendo ikazungulira kamodzi. Giya yopepukitsitsa ya GRX ndi 31 kugawa ndi 34, yankho 0.91. Ya XPLR ndi 40 kugawa ndi 44, yankho 0.91. Ndinabwereza poganiza kuti tulo tandisokoneza, koma ndi momwemo ndithu. Ndiye kuti povutitsitsa penipeni pa chitunda, makina awiriwa andipatsa giya imodzimodzi. Kusiyana kuli kumapeto enawo: 48 pa 11 ndi 4.36, pamene 40 pa 10 ndi 4.0. Tayala langa likazungulira kamodzi limadya mamita pafupifupi 2.2, choncho miyendo ikamazungulira ka 90 pa mphindi, GRX ikhoza kufika makilomita 52 pa ola, XPLR 48. Pamiyala sindinafikepo kumeneko, ndipo sindikulakalakako.

Koyambira n'kofanana, kothera sindifikako. Zofunika kuyang'ana zili pakatipa.

Sabata yoyamba, Lachitatu

M'kabuku kanga ndinali nditalemba kale kuti makina a waya ndi aulesi. Ndafufuta.

Maulendo awiri oyamba tcheni chimazengereza pakati pa cassette. Ndikakankha, chimayamba chalira kaye kuti khethekhethe, kenako n'kukwera monyinyirika. Ndinapotokola kosinthira kukungika kwa waya, magiya aakulu anakhala bwino, aang'ono n'kuyamba kulira. Ndinabweza, aang'ono anati zii, aakulu n'kuyambanso. Zikamatero waya alibe mlandu. Ndinagwada kumbuyo kwa njinga n'kuyang'ana timagudumu tiwiri ta derailleur, kamakina kamene kamakankha tcheni kuchoka pa giya ina kupita pa ina. M'malo moima chilili pansi pa giya, tinali titapendekera kumasipoko. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti mwezi watha njingayi inagwera kumanja nditaitsamiritsa pakhoma, ine n'kungoidzutsa osayang'ana.

Chopindika chinali hanger, kachitsulo kolumikiza derailleur ku felemu, ndipo amakapanga dala kofewa kuti pakachitika ngozi kapindike iko, felemu ipulumuke. Ndinamanga chida chowongolera n'kuyeza mtunda wofika ku rimu pamwamba, pansi, kutsogolo ndi kumbuyo. Chinsinsi chake n'kuzungulitsa gudumu limodzi ndi chidacho kuti nthawi zonse uziyezera pa valavu, apo ayi kupindika kwa rimu kumakunamiza. Ndinakoka pang'onopang'ono, chifukwa aluminiyamu sachedwa kuthyoka ukamamupindapinda. Nditamaliza, magiya onse 11 analowa bwinobwino, kukwera ndi kutsika, popanda n'kaphokoso komwe.

Zonse zimene ndinalemba pa maulendo awiri aja ndazitaya. Ndikanaweruza makina osalakwa chifukwa cha kachitsulo kopindika mosaoneka n'komwe ndi maso. Kuyambira pano, hanger ndiziyeza kaye ndisanalembe chilichonse.

Sabata yoyamba, Loweruka

Kulakwitsa kwina, kwanganso. Derailleur ya GRX ili ndi kilatchi imene imagwira tcheni kuti chisamalumphelumphe, ndipo pali kobanira kake kamene umazimitsa ukafuna kuchotsa gudumu. Ndinazimitsa Lachitatu, osayatsanso. Potsetsereka pamizeremizere paja tcheni chimamenya felemu ngati mwana akuimba chitini, ndipo penti yasupuka malo awiri. Nditayatsa, njinga inati zii. Chimene ndazindikira n'choti kilatchi ikakhala yoyatsa, chogwirira chimalemererako pang'ono pokankhira ku magiya aakulu. N'zochepa, koma dzanja lotopa limazimva.

Sabata yachiwiri

Tsopano makina ali m'malo mwake, ndingathe kulemba zoona zake.

Pachitunda m'pamene magiya awiri a kutsogolo amaonetsa ntchito yawo. Ndikakhala pa 31, kumbuyo ndili ndi 34, 30, 27, 25 ndi 23, masitepe afupiafupi. Kuchoka pa 30 kupita pa 27, miyendo imene imazungulira ka 60 imangotsikira pa 54. Chitunda chikapepukako ndimalemeretsa kamodzi, chikaumanso ndimabweza, ndipo kapumidwe kanga sikasokonekera. Mbali yaikulu ya chitundachi ndimaikwera pa 31 ndi 27, yomwe ndi 1.15, n'kumathawira pa 30 pamalo oimirira. Nambala imeneyi ndaizinga mzere m'kabuku.

Vuto lake lili patsinde pa chitunda. Pakati pa 48 ndi 31 pali mano 17. Ukagwetsa tcheni kuchoka pa giya yaikulu kupita pa yaing'ono, miyendo imangozungulira m'malere, ngati munthu amene waponda sitepe yomwe palibe. Kuti ubwerere pamphamvu imene unali nayo uyenera kulemeretsa kumbuyo katatu kapena kanayi: 48 pa 25 ndi 1.92, ndipo yoyandikana nayo pa giya yaing'ono ndi 31 pa 17, ya 1.82. Zonsezi ukuchita ndi manja onse awiri, maso ali pamiyala, gudumu lakumbuyo likuterereka. Ukachedwa, n'kusintha chitunda chitakugwira kale, tcheni chimakhala chitakungika ndipo derailleur yakutsogolo imachita kulimbana nacho. Ndadziphunzitsa kusintha kutatsala mamita angapo, uku ndikupepuza mwendo kwa kanthawi kochepa. Zimatheka, koma ndi ntchito ya mutu, ndipo ola lachitatu likamakwana mutu umakhala utatopa kuposa miyendo.

Magiya 22 amene amawerengedwa aja sakwana 22. 48 pa 17 ndi 31 pa 11 zonse ndi 2.82, giya imodzi yovala malaya awiri. 48 pa 23 ndi 31 pa 15 nazonso zimangotsala pang'ono kufanana. Kuwonjezera apo, 48 pa 34 tcheni chimayenda chopingasa ndipo chimayamba kukhula derailleur yakutsogolo mpaka utaisuntha pang'ono ndi chosinthira chake.

Pachidikha ndiye mtendere. Mphepo ikamaomba chakumaso ndimayenda pakati pa makilomita 22 ndi 34 pa ola, ndipo pamenepo, osachoka pa 48, ndili ndi magiya asanu: 25, 23, 21, 19 ndi 17. Pa 19, miyendo ikamazungulira ka 90, liwiro limakhala makilomita 30. Pamenepo m'pamene thupi langa limakhazikika. Ndinapalasa chidikha chonse osakumbuka kuti ndili ndi bondo.

Zala ndiye zikadali ndi dandaulo lawo, ndipo ndadziwa pamene limayambira. Pa makina a waya a mtundu uwu, chogwirira buleki chomwecho ndi chimene umakankhira m'kati kuti upepuze giya. Dzanja liyenera kumasukako pamphira paja, chikhatho n'kupotoka. Pamsewu wosalala suzindikira n'komwe. Pamizeremizere, chiwongolero chikunjenjemera ngati chikufuna kuthawa, ndiyenera kusankha kugwira kapena kusintha. Ndimasankha kugwira, ndipo ndimagwira molimbitsa kuposa mmene ndiyenera. Ndimafika kumunsi giya ili yolakwika, chala chamkombaphala ndi chapakati zili gwa.

Bondo linayamba kuotcha mochedwa kuposa kale, chakumapeto kwenikweni. Mwina hanger yopindika ija imandichititsa kupewa kusintha, n'kumakakamira giya yolemera osadziwa.

Sabata yachitatu

Masiku atatu njinga ili pa sitandi, ndikumanga SRAM XPLR. Ndimayesa ndi ntchito ya madzulo amodzi.

Kusintha makina a magiya masiku ano n'kuphwasula theka la njinga. Zosinthira magiya zili m'thupi limodzi ndi mabuleki, ndipo mabuleki a Shimano amayendera mafuta a mineral pamene a SRAM awa amayendera mafuta a mtundu wina otchedwa DOT. Mafuta awiriwa sasakanizidwa, ukaika olakwika amawononga timphira ta m'kati. Ndiye zonse zachoka: zogwirira, mapaipi, ndi zomanira gudumu zomwe. Kulowetsa paipi m'kati mwa felemu kunandidyera ola lathunthu, ndikusuzumira pakabowo ndi tochi kukamwa. Mpweya ndinachotsa kawiri, chifukwa ulendo woyamba buleki yakumbuyo inali yofewa ngati siponji.

Chitsulo chodutsa pakati pa mapedulo n'chosiyananso. Cha Shimano ndi mamilimita 24, cha SRAM DUB ndi 28.99, choncho bottom bracket, imene chitsulocho chimazunguliramo m'felemu, nayo yatuluka. Kumbuyo, giya ya mano 10 ndi yaing'ono kwambiri moti singalowe pa freehub (pamene cassette imalowa pagudumu) wamba ya mtundu wa HG, imafuna ya mtundu wa XDR. Mwayi wake habu yanga imalola kusintha freehub yokha, ndiye lamulo langa la magudumu omwewa silinaphwanyidwe.

Tcheni chake, chimene amachitcha Flattop, n'chosalala mbali imodzi ndipo mbali yosalalayo imayang'ana kunja. Giya yakutsogolo ili ndi mano osinthanasinthana, lina lonenepa lina lowonda, ogwirizana ndi mipata ya tcheni, ndipo ndi amene amachigwira popeza kulibe derailleur yochitchingira. Mpata wa pakati pa kagudumu kam'mwamba ka derailleur ndi giya yaikulu umayezedwa ndi kachida ka pulasitiki. Ndinayamba ndi kungoyerekeza ndi maso, kenako ndinakumbukira za hanger zija, n'kukatenga kachidako.

Pa sitandi, kusintha kwake n'kokoma kuonera. Dinani kumanja, giya yalemera. Dinani kumanzere, yapepuka. Koma pa sitandi ngakhale njinga yakutha imasintha bwino.

Sabata yachinayi, Lachiwiri

Kutsetsereka kwa lero kwandiyankha funso la zala.

Chogwirira buleki pano chimangokokedwa chammbuyo basi, sichipita m'mbali. Kosinthira ndi kabatani kotambalala kumbuyo kwake, kongofuna nsonga ya chala. Ndinatsika mizeremizere yonse manja ali kumunsi kwa chiwongolero, chala chimodzi pabuleki, ndipo ndinasintha giya kangapo osamasula dzanja. Ukadina osachotsa chala, tcheni chimangopitirira magiya angapo chokha. Ndinafika kumunsi giya ili yoyenera, ndipo nditatambasula zala zinamvera.

Za liwiro la kusinthako ndikhale woona mtima. Kuyambira pamene chala chadina mpaka pamene tcheni chakhazikika, sindinganene kuti n'kofulumira kuposa waya wokonzedwa bwino. Mwinanso pa waya ndimamva msanga kuti giya yalowa, chifukwa dzanja limamva kukoka kwake. Chosiyana n'chakuti kusintha kulikonse kumafanana ndi kunzake. Kaya dzanja latopa, kaya ndavala magolovesi okhuthala, kaya njinga ikudumpha, mota imakankha derailleur mtunda womwewo. Pa waya, dzanja lotopa limakankha theka, tcheni n'kukhala pakati pa magiya awiri chikudandaula.

Patsinde pa chitunda, mutu unalibe ntchito. Kudina kumanzere mpaka miyendo itavomera, basi. Ndinadzipeza ndikuyang'ana mzere woti ndidutse m'malo mowerengera mano.

Sabata yachinayi, Lachisanu

Kanyale ka pa derailleur kanasanduka kofiira masiku awiri apitawo. Ndinakaona. Ndinati mawa.

Batire yake ikadzaza imagwira maola pafupifupi 60 ndipo imadzaza pa ola limodzi lokha, koma ine ndinaiika mmene inatulukira m'katoni, nditaseweretsanso pa sitandi usiku wonse. Inathera pachiyambi pa chidikha, tcheni chili pa 13. Ndiye kuti 40 pa 13, yomwe ndi 3.08, mphepo ili kumaso, makilomita ambiri asanathe. Pa makina a AXS a magiya awiri kutsogolo, munthu amachotsa batire ya derailleur yakutsogolo n'kuiika kumbuyo. Ine kutsogolo kulibe kanthu. Ndinapalasa choimirira mpaka kunyumba ngati wokwera njinga ya giya imodzi, ndipo bondo linandiyankha usiku wonse.

Ulendo umenewu suwerengedwa. Tchaja tsopano ili pafupi ndi pampu, kuti ndikamapopa ndiziiona.

Sabata yachisanu

Ndapuma masiku anayi kuti bondo lizizire, kenako maulendo atatu athunthu. Zala zili bwino ndithu. Bondo labwerera, ndipo ulendo uno likuyamba msanga kuposa pa GRX.

Ndinabwerera ku pepala lija. Cassette ya 10 mpaka 44 imapita motere: 10, 11, 13, 15, 17, 19, 21, 24, 28, 32, 38, 44. Kumtunda kwake masitepe ndi aatali. Kuchoka pa 38 kupita pa 32, miyendo imene imazungulira ka 60 imagwera pa 50. Ndipo taonani pamene nambala ndinaizinga ija yagwera. 40 pa 38 ndi 1.05, 40 pa 32 ndi 1.25. Giya yanga ya 1.15 ili pakati penipeni, pamene palibe kanthu. Pa 38 ndimapalasa mofulumira mpaka kupuma movutikira, pa 32 ndimakanikiza ngati ndikusindikiza mwala pansi. Popeza ndine wouma mutu, ndimasankha 32, ndipo bondo ndi limene limasenza katunduyo kwa chitunda chonse.

Pachidikha nkhani ndi yomweyo, kungoti yofatsirako. Pakati pa makilomita 22 ndi 34 ndili ndi magiya anayi m'malo mwa asanu: 21, 19, 17 ndi 15. Kusiyana kwa giya imodzi yokha, wina akhoza kuseka. Koma liwiro langa la makilomita 30 lagweranso pampata. Pa 17 miyendo iyenera kuzungulira ka 97, pa 15 ka 85. Zonse n'zotheka, palibe yovulaza, koma palibe imene ndimakhazikikapo. Chala chimangodina uku ndi uku, ngati munthu wosowa pogona mutu pa pilo.

Walira mvula walira matope. Ndinafuna kuti mutu upume patsinde pa chitunda, ndipo wapumadi. Magiya amene derailleur yakutsogolo imandisungira ndi amenewa ndikuwasowawa.

Ndinayang'ananso XPLR ya magiya 13 imene inatuluka mu 2024, ya 10 mpaka 46. Siingalowe pa felemu yanga chifukwa imamangidwa pa felemu za UDH zokha, zokhala ndi malo apadera omangirapo derailleur, popanda hanger. Komanso giya imene anawonjezera ndi ya mano 12, pakati pa 11 ndi 13. Mipata yanga ya 15 ndi 17, ndi ya 32 ndi 38, ilipobe. Mtima unakhala pansi.

Sabata yachisanu, tsiku lamvula

Sindinakonzekere, koma mvula inandipeza pachitunda ndipo ndinapitirira dala. Matope anadzaza paliponse. Kale pamatope otere dothi limaunjikana pa derailleur yakutsogolo, pakati pa iyo ndi tayala, ndipo madzi amchenga akalowa m'chikopa cha waya kusintha kumalemera mpaka utasintha wayayo. Lero kunalibe pounjikana, kunalibenso waya. Magiya amalowa, ngakhale tcheni chimalira ngati chikutafuna mchenga. Sichinagwe.

Kunyumba ndinachitsuka, kuchiumitsa, kuthira mafuta, n'kuchiyeza. Matcheni a magiya 11 ndi 12 amasinthidwa akatalika ndi 0.5 peresenti, ndipo cha Flattop chimafuna choyezera chogwirizana nacho chifukwa timagudumu take ta m'kati n'tokulirako. Chikadali chatsopano.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

"Aise, ukaigwetsa usabwerenso kuno," anatero mnzanga pondipatsa njinga. Ndinatengera kutalika kwa chishalo changa ndi tepi, matayala ake n'kuwapopa mofanana ndi anga. Zina zonse ndi zake, choncho za kunjenjemera kwa felemu sindilembapo.

Ekar ndi ya waya, giya imodzi kutsogolo. Yake ndi ya mano 40, kumbuyo 9 mpaka 42, ndipo giya ya mano 9 imafuna freehub yakeyake ya N3W. Chogwirira buleki sichipita m'mbali. Kumbuyo kwake kuli kopepuzira, kamene kamakwera mpaka magiya atatu ukakankha kamodzi. M'kati, pamene pamafika chala chachikulu, muli kena kopindika kolemeretsera giya imodziimodzi, kofikirika kaya manja ali pamwamba kaya ali kumunsi. Giya ikalowa imati gwa, ndipo umamva m'dzanja ndi m'khutu momwe. Ndinaikonda. Potsetsereka inali pakati pa ziwiri zija: dzanja silimasuka kwambiri ngati pa GRX, koma chala chachikulu chikachoka pachiwongolero kukadina, kagwiridwe kamachepako.

Cassette yake ndiyo inandipatsa zoganiza. Imapita 9, 10, 11, 12, 13, 14, kenako 16, 18, 21, 25, 30, 36, 42. Magiya asanu ndi imodzi oyambirirawo amasiyana dzino limodzilimodzi, chinthu chosiririka. Koma 40 pa 14 ndi makilomita 34 pa ola kale, ndiye masitepe okomawo amayambira pamene ine ndimalekezera. Ndi a munthu wamphamvu kuposa ine, kapena wopalasa m'gulu pa phula. Pachidikha ndinachita mwayi, 40 pa 16 ndi 2.5, pafupifupi ndendende giya yanga ya makilomita 30, ndipo ndinakhazikikapo. Pachitunda masitepe ndi aatali kuposanso a XPLR, 36 kupita 30, 30 kupita 25. 40 pa 36 ndi 1.11, yoyandikira 1.15 yanga, ndipo bondo linakhala chete. Yopepukitsitsa ndi 0.95, yolemererako pang'ono kuposa 0.91, ndipo pamalo oimirira aja ndinaimva.

Chimene ndatengapo n'chakuti njinga ya mipata ikuluikulu yandikomera pa bondo, chifukwa mipatayo inagwera pamene sindipondapo.

Njinga ndabweza yosagwa.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Mpata sungatsekedwe, koma ukhoza kusunthidwa. Ndinatenga pepala n'kuyesa XPLR yomweyi ndi giya ya mano 38 kutsogolo m'malo mwa 40.

38 pa 15 ndi 2.53. 48 pa 19 ya GRX, imene ndinaiwalira bondo pachidikha, ndi 2.53. Pachitunda, 38 pa 32 ndi 1.19 ndipo 38 pa 38 ndi 1.0, zoyandikana ndi 1.15 ndi 1.03 zimene ndimakwerera kale pa GRX. Yopepukitsitsa itsikira pa 0.86. Chotayika ndi kumapeto kuja, makilomita 48 atsikira pa 45, komwe ndinanena kale kuti sindifikako. Mpata wa pachidikha usunthira chapa makilomita 28, ndiye tsiku la mphepo yamphamvu mwina ndidzaupezanso ukundidikirira kumeneko.

Giyayo yafika lero ndipo ndaimanga. Tcheni sindinadule. Chimakuta theka lokha la giya yakutsogolo, choncho mano awiri ochepa akutanthauza mfundo imodzi yokha ya tcheni, pamene mfundo zimachoka ziwiriziwiri. Ndinaika pa 10 n'kuona kuti derailleur ikukokabe, tcheni sichikulendewera. Mpata wa kagudumu kam'mwamba ndayezanso ndi kapulasitiki kaja.

Makina a GRX ndawatsuka, ndawakulunga, ali m'katoni imene munali XPLR. Sindikuwagulitsa. Ngati maulendo atatu a maola opitirira atatu atha bondo likuotchabe, abwerera panjinga, ndipo ndidzayesa kutembenuzira zogwirira m'kati pang'ono ndi kufupikitsa mtunda wa chala kukafika pabuleki, ndione ngati zala zingapepukidwe.

Hanger ndayeza, ili bwino. Batire ili pa tchaja. Ulendo woyamba wa 38 ndi mawa m'mawa.